Timadontho ndi tiulusi toyandama m'maso: kodi ndi chiyambi cha khungu?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 58, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimasoka zovala. Patha masabata 3 chiyambireni kuona timadontho takuda ndi kaulusi kopindika m'diso langa lakumanja. Ndikati nditiyang'anitsitse timathawa, ndikasiya timabwerera pang'onopang'ono. Masiku oyamba ndinkaonanso kuwala kong'anima m'mbali mwa diso lomwelo ndikazimitsa magetsi usiku, koma pano kwachepa. Diso silikupweteka ndipo silinafiire. Ndimamwa mankhwala a BP. Anzanga ena akuti ndi ng'ala, ena akuti ndikagule mankhwala odontheza m'maso ku famase. Kodi ndikuchita khungu?

Yankho: Mayi, zimene mwalongosolazi zimachitikira anthu ambiri a msinkhu wanu, ndipo kwa ochuluka mwa iwo sichikhala chiyambi cha khungu. Komabe ndisanafotokoze china chilichonse, ndikupempheni chinthu chimodzi: pitani mukayezetse disolo mawa lomwe, kapena tsiku loyamba limene mungathe, ndipo kuyezako kukhale kuja kothira mankhwala okulitsa mwanadiso kuti dokotala aone mpaka kumbuyo kwenikweni kwa diso. Ndikutero chifukwa timadontho topanda vuto ndi timadontho tochenjeza za ngozi timaoneka chimodzimodzi kwa mwini diso, ndipo palibe dokotala, kaya akhale wodziwa chotani, amene angatisiyanitse pongomva nkhani yanu popanda kusuzumira m'disomo.

Kuti mumvetse chifukwa chimene ndikuumirira chonchi, tiyambe ndi mmene diso linapangidwira. Kuseri kwa mwanadiso kuli kagalasi kachilengedwe kamene kamathandiza kuti zinthu zizioneka bwino. Kuseri kwa kagalasiko, malo onse otsalawo, omwe ndi pafupifupi magawo 4 mwa magawo 5 a diso lonse, ndi odzaza ndi madzi okhuthara, oonekera bwino, ofanana ndi zoyera za dzira laliwisi, amene madokotala amawatchula kuti vitreous. Kuchuluka kwake ndi pafupifupi mamililita 4, ndipo pafupifupi 99 peresenti ya iwo ndi madzi enieni. Chimene chimawachititsa kukhuthara ndi tiulusi ting'onoting'ono ta collagen timene tinalukana mwadongosolo moti kuwala kumadutsa popanda chotsekereza. Kumbuyo kwenikweni, moyalidwa m'kati mwa khoma la diso, muli kachikopa kopyapyala kwambiri kotchedwa retina, ndipo kachikopa kameneka ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Munthu ali mwana, madzi okhuthara aja amakhala atamatirira ku retina.

Munthu akamakula, madziwo amayamba kusungunuka malo ena, ndipo tiulusi tija, timene poyamba tinali titatambasuka bwino, timayamba kuunjikana n'kupanga tizibuma. Kuwala kukamalowa m'diso, tizibumato timaponya mthunzi pa retina, ndipo mthunzi umenewo ndi umene inu mukuuona ngati timadontho kapena kaulusi. Apa mutha kuona kuti zinthuzi sizili pamwamba pa diso, n'chifukwa chake kusamba m'maso kapena kutikita sikumazichotsa. Mutha kuonanso chifukwa chake zimathawa mukati muziyang'ane: diso likatembenuka, madzi a m'kati amagwedezeka limodzi nalo, ndipo diso likaima, madziwo amapitiriza kuyenda pang'ono asanadekhe. Monga wosoka, mwina mwazindikira kale kuti timadonthoti timaonekera kwambiri mukamasoka malaya oyera a yunifolomu pakhonde dzuwa likuswa mtengo, koma mukagwira chitenje chamaluwa akuda m'nyumba timangokhala ngati tasowa. Zili choncho chifukwa pamalo owala mwanadiso amachepa, ndipo akachepa mthunzi wa tizibumato umaoneka wakuthwa, pamene pa nsalu ya mitundumitundu umasokonekera ndi maluwawo.

Zaka zikamapita, madzi okhuthara aja amafota, ndipo tsiku lina amamatuka ku retina n'kusunthira kutsogolo. Kawirikawiri izi zimachitika munthu akapitirira zaka 50, ndipo ambiri mwa anthu opitirira zaka 70 zinawachitikira kale, ena osadziwa n'komwe. Zimafulumira kwa anthu amene saona patali popanda magalasi, kwa amene anachitidwa opareshoni ya ng'ala, ndi kwa amene anavulalapo m'diso. Kumatukako ndi kumene kumabweretsa timadontho tambiri mwadzidzidzi, ndipo nthawi zambiri pamakhala kamodzi kakakulupo kooneka ngati mphete kapena kaulusi kopindika, komwe ndi kachidutswa kamene kanali katagwira mozungulira pamene mtsempha wa diso umalowera. Ndikuganiza kuti kaulusi kanu kaja ndi kameneka. Kuwala kong'anima kuja nakonso kuli ndi chifukwa chake: retina simva kupweteka, ndipo ikakokedwa, chinthu chokha chimene imatha kuuza ubongo ndi kuwala. Choncho madziwo akamamatuka n'kumaikoka, munthu amaona ching'aning'ani m'mbali mwa diso, makamaka mumdima kapena akatembenuza maso mofulumira.

Kwa anthu ambiri kumatukaku kumatha bwinobwino, osasiya vuto lina kupatula timadontho totopetsato. Koma pali malo ena pamene madziwo amakhala atagwira retina zolimba, ndipo m'malo momatuka mwamtendere amaing'amba. Mwa anthu 10 alionse amene amafika kuchipatala ndi timadontho toyamba mwadzidzidzi motere, pafupifupi mmodzi amapezeka kuti retina yang'ambika. Pong'ambikapo sipapweteka, diso silifiira, ndipo munthu amatha kuwerenga zilembo zonse zapakhoma la chipatala mpaka mzere wotsiriza, chifukwa kung'ambikako kumachitikira m'mphepete, kutali ndi pamene timaonera zinthu zimene taziyang'ana. Vuto limayamba madzi osungunuka aja akalowa pong'ambikapo n'kuyamba kuyenderera kuseri kwa retina, kumaitukula pang'onopang'ono kuichotsa pakhoma la diso pamene imapezera chakudya. Ikatukuka mpaka kufika pakati, pamalo otchedwa macula, pamene timawerengera ndi kulowetsera ulusi pa singano, ngakhale opareshoni itayenda bwino chotani, kawirikawiri diso silibwereranso mwakale. Dokotala wa ku Lausanne m'dziko la Switzerland, Jules Gonin, ndi amene anasonyeza m'zaka za m'ma 1920 kuti gwero la matendawa ndi pong'ambikapo, ndi kuti kutseka pamenepo ndiko kuchiza. Isanafike nthawi imeneyo, pafupifupi aliyense amene retina yake inatukuka ankachita khungu diso limenelo.

Kusiyana kwa kufulumira ndi kuchedwa n'kwakukulu kwambiri pankhaniyi. Pong'ambika pakapezeka retina isanatukuke, pamatsekedwa ndi kuwala kwamphamvu kochokera m'makina otchedwa leza (laser), kapena ndi kachipangizo koziziritsa kwambiri kamene kamagunditsidwa kunja kwa diso. Wodwala amangothiridwa kapena kubayidwa mankhwala ochititsa dzanzi, amakhala pampando kwa mphindi zowerengeka, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, ndipo pakatha masabata 2 chipsera chimakhala chitagwira mozungulira pong'ambikapo moti madzi sangadutsenso. Koma retina ikatukuka pamafunika opareshoni yaikulu, yofuna zipangizo zodula ndi akatswiri amene ndi ochepa kwambiri m'chigawo chathu chino cha Africa. N'zomvetsa chisoni kuti anthu ambiri amafika mochedwa, osati chifukwa chonyalanyaza, koma chifukwa tinazolowera kuganiza kuti chinthu chosapweteka si matenda. Nthawi imene chiopsezo chimakhala chachikulu ndi masabata 6 oyambirira, ndipo inu mayi mudakali m'kati mwa nthawi imeneyo. Kuchepa kwa ching'aning'ani n'kolimbikitsa ndithu, koma si umboni woti retina ili bwino, poti nthawi zina kuwalako kumaleka chifukwa choti pamene pankakokedwa pang'ambika kale.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kugona m'nyumba. Timadontho tikachuluka mwadzidzidzi ngati mwaye kapena utsi wodzaza diso, kawirikawiri ndiye kuti kamtsempha kaduka ndipo magazi akukha m'kati, ndipo zikatero mpata woti retina yang'ambika umakhala waukulu kwambiri. Ching'aning'ani chikabwereranso kapena kuwonjezeka, mdima ukayamba kutseka mbali imodzi ya zimene mukuona, kaya kuchokera m'mwamba, m'munsi kapena m'mbali, n'kumakula osasuntha ngati mmene timadontho timasunthira, kapena diso likangoyamba kuona mwachimbuuzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi Loweruka kaya ndi tsiku la tchuthi.

Anzanu amene akunena za ng'ala ali ndi maganizo abwino, koma ng'ala ndi matenda ena. Ng'ala ndi kuchita mbuu kwa kagalasi kachilengedwe kaja. Imabwera pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka, zinthu zonse zimaoneka ngati muli nkhungu, magetsi a galimoto amathobwa m'maso usiku, ndipo sibweretsa timadontho toyenda kapena kuwala kong'anima. Za BP, kuthamanga kwa magazi pakokha sikupanga tiulusi toyandama, koma kukakhala kokwera kwa nthawi yaitali kumatha kutseka mitsempha ya retina n'kuchititsa kuti magazi akhe m'diso. Pitirizani kumwa mankhwala anu mosadumphitsa, ndipo mukapita kuchipatala mupemphe kuti akuyezeninso shuga ngati simunayezetse posachedwa.

Shugayu ndimutchule mwapadera, chifukwa kuno kwathu anthu ambiri amakhala naye kwa zaka osadziwa. Shuga akakhalitsa amaononga timitsempha ta retina, ndipo diso limayamba kumeretsa timitsempha tatsopano tosalimba timene timaphulika mosavuta. Magazi ake akalowa m'madzi okhuthara aja, wodwala amaona timadontho, tiulusi takuda kapena tofiirira, nthawi zina diso lonse limachita mdima. Aliyense wodwala shuga ayenera kuyezetsa kumbuyo kwa maso kamodzi pachaka ngakhale akuona bwino, ndipo kwa iye timadontho tatsopano si nkhani yodikira. Chimodzimodzinso anthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chawo chatsika kwambiri, makamaka CD4 ikatsika kufika pansi pa 50, chifukwa pali kachilombo kotchedwa CMV kamene kamadya retina mwakachetechete, ndipo chizindikiro chake choyamba chimatha kukhala timadontho tomweti; mankhwala a ARV achepetsa kwambiri vutoli, koma likupezekabe mwa amene anayamba mankhwala mochedwa kapena anawasiyira panjira. Kutupa kwa m'kati mwa diso kobwera ndi chifuwa chachikulu cha TB, chindoko kapena tizilombo ta toxoplasma kumabweretsanso timadontho, kawirikawiri limodzi ndi kufiira, kupweteka ndi kuopa kuwala. Odwala sickle cell, ndi amene anamenyedwa kapena kugundidwa m'diso, nawonso asazengereze. Mayi woyembekezera akamaona timadontho kapena kuwala kothwanima limodzi ndi mutu ndi kutupa kwa nkhope kapena manja, vuto lake si la maso ayi, ndi BP yobwera ndi mimba, ndipo athamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Mutu waching'alang'ala nawo umatha kuyamba ndi mizere yowala yokhotakhota, koma iyo imaoneka m'maso onse awiri, imakhala mphindi 20 kapena 30, kenaka n'kuzimiririka.

Kuno ku Blantyre, chipatala cha maso cha Lions Sight First chili ku Gulupu, pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ndipo njira yachizolowezi ndi kuyambira ku chipatala chaching'ono cha dera lanu kuti akupatseni kalata. Mukafika kumeneko, mawu amene munganene ndi ofunika kwambiri. Mukangonena kuti maso akukuvutani, mutha kupatsidwa mankhwala odontheza n'kubwerera kunyumba. Nenani momveka bwino kuti timadonthoti tinayamba mwadzidzidzi, m'diso limodzi, tchulani tsiku limene tinayamba, ndipo musaiwale kunena za ching'aning'ani chija. Wachipatala aliyense wodziwa za maso akamva zinthu zimenezi pamodzi amadziwa kuti mukufunika kuonedwa msanga. Dziwaninso kuti kuyezetsa magalasi m'sitolo ya magalasi si kuyeza kumene ndikunena kuno, pokhapokha ngati akuthirani mankhwala okulitsa mwanadiso n'kuyang'ana retina yonse mpaka m'mphepete.

Tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene mumamwa. Akakuthirani mankhwalawo, amene amaluma pang'ono kwa kanthawi, mudzadikira mphindi 20 kapena 30 kuti mwanadiso akule, kenaka dokotala adzakuunikani ndi nyali yowala kwambiri, imene nthawi zina amaivala kumutu, atagwira kagalasi kutsogolo kwa diso lanu, akukuuzani kuti yang'anani kumwamba, pansi, kumanja, kumanzere. Mwina adzakanikiza pang'ono pa chikope ndi kachitsulo kuti m'mphepete mwa retina muonekere. Sizikoma, koma sizivulaza, ndipo m'mphepetemo ndi mmene kung'ambika kumabisala. Ngati magazi atchinga moti kumbuyo sikukuoneka, amaunika ndi makina a ultrasound. Mukatuluka, kwa maola 4 mpaka 6 zinthu zapafupi zidzaoneka mwachimbuuzi ndipo dzuwa lidzakuthobwani, choncho pitani ndi wokuperekezani, tengani chipewa kapena magalasi akuda, musayendetse galimoto, ndipo ntchito yosoka ya tsiku limenelo muiwerengere kuti yaima.

Tsopano tinene kuti akuyezani ndipo apeza kuti retina ili bwino, monga mmene zimakhalira kwa anthu ambiri. Choonadi n'chakuti timadonthoti sititheratu, koma timasiya kuvutitsa. Pakapita miyezi 3 mpaka 6, tizibuma tija timasunthira kutsogolo kapena kutsikira m'munsi, mthunzi wake n'kuchepa mphamvu, komanso ubongo umaphunzira kusatilabadira. Kuphunzira kumeneku kumachedwa mwa munthu amene amangokhalira kutifunafuna, kumayang'ana kumwamba m'mawa uliwonse kuti aone ngati tachuluka. Sindikunena izi mopepula, chifukwa ndikudziwa kuti kwa munthu amene chakudya chake chimachokera m'maso, kadontho kamodzi kokhala pamzere wa ulusi kamatha kumusowetsa mtendere tsiku lonse, ndipo ena amafika posowa tulo poopa khungu. Mantha amenewa kawirikawiri amachepa munthu akamva kuchokera kwa amene wayang'ana m'diso mwake kuti retina ili bwino, ndipo chimenechi ndi chifukwa china chopitira kukayezetsa. Kadontho kakaima pamene mukufuna kuona, yang'anani kumwamba kenaka pansi mofulumira kangapo, madziwo agwedezeka ndipo kasuntha. Posoka nsalu zoyera khalani pamthunzi, kuwala kuzichokera m'mbali osati kutsogolo. Panja valani magalasi akuda, ndipo pafoni chepetsani kuwala kapena sankhani kuti zilembo zikhale zoyera pamalo akuda. Kusoka, kuwerenga ndi kugwiritsa ntchito foni sikunayambitse vutoli ndipo sikungalikulitse, choncho palibe chifukwa chosiyira ntchito yanu.

Za mankhwala odontheza aja, chonde musagule. Palibe mankhwala odontheza, mapiritsi, mavitamini kapena magalasi amene anatsimikizika kuti amasungunula tizibuma ta m'kati mwa diso, ndipo zimene zimafalitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, kaya zoti kudya chinanazi tsiku lililonse kumachotsa timadontho, kaya za mabotolo odula ochokera kunja, zilibe umboni wodalirika. Choopsa kwambiri n'chakuti mankhwala ena odontheza amene anthu amagula popanda kalata ya dokotala amakhala ndi steroid, mankhwala amphamvu oletsa kutupa, ndipo akagwiritsidwa ntchito kwa masabata angapo amatha kukweza mphamvu ya madzi m'diso n'kuyambitsa glaucoma, matenda amene amapha mtsempha wa diso osabwereranso, komanso amafulumizitsa ng'ala. Musathirenso m'diso madzi a masamba kapena a mizu, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena mkodzo. Zinthu zimenezi sizingafike kumene kuli timadonthoto, koma zimatha kuotcha kapena kulowetsa tizilombo pagalasi lakutsogolo kwa diso, ndipo madokotala a maso m'dziko muno akhala akuona kwa zaka zambiri maso amene anaonongeka motero pamene vuto loyamba linali laling'ono.

Mwina mudzamva kuti pali opareshoni yochotsa timadontho, ndipo n'zoona. Imatchedwa vitrectomy, ndipo anaiyambitsa ndi dokotala Robert Machemer ku Miami m'dziko la America cha mu 1970. Madzi okhuthara aja amayamwidwa onse ndi kachipangizo kakang'ono, m'malo mwake n'kuikamo madzi amchere oyera. Ndi opareshoni yopulumutsa maso kwa amene retina yawo yatukuka kapena amene magazi adzaza m'diso osachoka. Koma ili ndi zoopsa zake: mwa anthu a msinkhu wanu ambiri amachita ng'ala m'zaka zochepa zotsatira, ena retina imang'ambika kapena kutukuka, ndipo mwa apo ndi apo tizilombo timalowa m'diso n'kuliononga. Palinso njira yophwanya tizibumato ndi mtundu wina wa leza wotchedwa YAG, koma umboni woti imathandiza anthu ambiri ndi wochepa, ndipo nayonso ili ndi zovuta zake. Maganizo anga ndi akuti diso limene likuona bwino lisaikidwe pangozi zoterezi chifukwa cha timadontho, kupatula kwa anthu ochepa kwambiri amene papita chaka kapena kuposerapo ndipo akulepheratu kugwira ntchito.

Ngakhale atakuuzani kuti zonse zili bwino, funsani tsiku lobwereranso, chifukwa mwa anthu ochepa retina imang'ambika pambuyo pa kuyeza koyamba, ndipo madokotala ambiri amafuna kuonanso diso pakatha masabata 4 mpaka 6. Pa nthawi imeneyi, kamodzi patsiku tsekani diso lakumanzere ndi chikhatho, yang'anani chinthu chimodzi pakhoma ndi lakumanjalo, n'kuona ngati mbali zonse zikuoneka popanda mdima. Timachita izi chifukwa diso labwino limabisa vuto la linzake maso onse akakhala otsegula. Dziwaninso kuti zimene zachitika kumanjaku kawirikawiri zimachitikanso m'diso linalo pakapita miyezi kapena zaka zochepa. Zikadzatero musadzanene kuti ndi zomwe zija ndinayezetsa kale. Diso lakumanzerelo lidzafunika kuthiridwa mankhwala ndi kuunikidwa palokha, mwamsanga ngati mmene ndakupemphani kuchitira ndi lakumanjali.